Ulendo wokaona kwawo kwa Ilia Chavchavadze ku Saguramo: nyenyezi 4 pa 5

Ulendowu ndi wa tsiku limodzi. Minibasi ya kampani imakutengani ku Tbilisi, likulu la dziko la Georgia, kudutsa cha ku Mtskheta, mpaka ku Saguramo komwe nyumba ya Ilia Chavchavadze, mlembi ndi mlakatuli wotchuka wa dzikolo, anaisandutsa malo osungirako mbiri yake. Ngati dzinali mukulimva koyamba, nkhope yake ndi imene ili pa ndalama ya pepala ya ku Georgia ya 20 lari.

Nyenyezi zinayizi ndapereka chifukwa cha mayi amene ankatitsogolera. Mpingo wa Orthodox wa ku Georgia unalengeza Ilia kukhala woyera mtima mu 1987, choncho ndinkaopa kuti tikangomva mayamiko okhaokha. Koma mayiwa anatisonyeza Ilia ngati munthu wogwira ntchito. Anabadwira ku Kvareli mu 1837, anakaphunzira zamalamulo ku St Petersburg, ndipo pofika 1861 anali atayamba kale kukangana ndi alembi achikulire pofuna kuti mabuku azilembedwa mmene anthu amayankhulira. Nthawiyo Georgia inali pansi pa ufumu wa Russia, chiyankhulo chawo chikuponderezedwa m'sukulu. Mu 1877 anayambitsa nyuzipepala ya Iveria, mu 1879 iye ndi anzake n'kukhazikitsa bungwe lofalitsa kuwerenga ndi kulemba pakati pa anthu a mtundu wawo.

Pamene mayiwa anafatsapo, ndipo anachita bwino, ndi pa nkhani ya banki. Mlakatuli ameneyu anayendetsa banki ya eni minda ku Tbilisi kwa zaka pafupifupi 30, phindu lake lina likuthandiza sukulu ndi zisudzo za m'chiyankhulo chawo. Odzudzula boma ndi cholembera alipo ambiri, koma uyu ankadziwanso kumene ndalama yolipirira mphunzitsi ichokere. Mayiwa anatiuzanso kuti mu 1895 Iveria inasindikiza ndakatulo za mnyamata wina wa kuseminale, Ioseb Jughashvili, yemwe dziko linadzamudziwa kuti Stalin. Anzanga a paulendowo anakonda kwambiri kankhani aka, ngakhale kwa ine kanali kongokometsera.

Tinaimanso ku Tsitsamuri, pamene achiwembu anawombera ndi kupha Ilia pa 12 Sepitembala 1907 akupita ku Saguramo ndi mkazi wake, Olga Guramishvili. Chaka cha 1906 anali atasankhidwa kukhala m'khonsolo ya ufumu wa Russia, komwe ankatsutsa chilango cha imfa, ndipo Olga, yemwe anavulazidwa tsiku lomwelo, anapempha kuti achiwembuwo asanyongedwe. Wina atafunsa kuti anawatuma ndani, mayiwa sanakometse: anati akatswiri a mbiri amatsutsanabe, ena amaloza chala Mabolsheviki, gulu la ndale limene linkafuna kugwetsa ufumu wa Russia, ena apolisi achinsinsi a mfumu ya Russia.

Nyenyezi yachisanu yapita ndi kampani. Pa Tsitsamuri dalaivala anali ataliza kale injini mayiwa asanamalize kuyankha, chonsecho kumalo olawa vinyo tinakhalako mpaka kutopa. Vinyoyo ndi wabwino, sindikukana, koma si amene ndinalipirira. Chithunzi cha manda a Ilia chili pa tsamba lawo lotsatsira malonda, koma ulendowu sufikako. Mandawo ali pa phiri la Mtatsminda mu Tbilisi momwemo, ndipo mukhoza kupitako nokha pa kasitima kokwera phirilo, n'kutsikira pa siteshoni yapakati.