Kashopu kopulinta ka ku Braam: kukonzekera mitingi nkwabwino, koma fikani m'mawa

Kwa amene muli kuno ku Joni ndipo mumasowa pokhala ndi mnzanu wa kuntchito musanakaonekere kwa mabwana, pali kashopu kena kopulinta ku Braamfontein cha ku Jorissen Street, kuchokera pa Park Station mumangoyenda wapansi. Kutsogolo kuli makina a fotokope ndi makompyuta, kuseli kuli kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi komwe amalipiritsa pa ola.

Ife tinali ndi kotesheni yokapereka ku Sandton masana, ine ndimakhala ku Rosettenville mnzangayo ku Tembisa, ndiye pa WhatsApp zinthu sizimayenda, iye akutumiza ma voice note ataliatali ine ndikuyang'ana fayilo ina iye ina, manambala osagwirizana. Zoom yaulere ija imadula ikakwana mphindi 40, mukangoyamba kumvana basi yathima. Ndinangoti achimwene tiyeni tikumane pakatikati tizione limodzi, zapafonizi zitichedwetsa.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi magetsi. Ali ndi inveta, wifi siyithima, ndipo amene munali kuno 2023 Eskom ikutizimitsira mpaka stage 6 mukudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono. Wifi yake ndi yothamanga ndithu, tinatsegula Google Docs aliyense pa laputopu yake nkumakonza pepala limodzi, mnzanga akuwerenga mitengo ine ndikulemba, kenako tinagawana kuti iye ayankhula za ndalama ine za masiku operekera katundu, kuti tisakalimbirane mawu pamaso pa kasitomala. Tinayeserera ngati tafika kale, iye nkumandifunsa mafunso ovuta ngati ndiye bwanayo, apa mpamene tinaona kuti VAT ya 15% sinalembedwe padera. Mtsikana wa pa kauntala nayenso ndi watcheru, asanapulinte anatiuza kuti tebulo la mitengo ladukira mbali, anakonza yekha, nkumanga mapepalawo bwinobwino osatiwonjezera ndalama.

Zovuta zilipo. Kubukitsa kwake nkwapakamwa, ndinawaimbira dzulo lake anayankha kuti zatheka, koma titafika tinapeza anthu ena mkati, tinadikira kaye panja. Khoma lake ndi la bolodi, ikamakwana 11 koloko ana a ku yunivesite ya Wits amadzaza kudzapulinta ma assignment, phokoso ngati mu Limbe market, moti kuimbira kasitomala foni uli mmenemo sizingatheke. Masoketi ndi ochepa komanso ndi akuno a mano ozungulira aja, chaja yochokera kumudzi siyilowa, tengani adaputa yanu chifukwa iwo sabwereketsa. Tiyi kulibe. Poimika galimoto ndi pamsewu basi, ulipire wolondera.

Ndikuwapatsa 4 pa 5, bola mufike akangotsegula ndipo muwaimbirenso m'mawa womwewo kukumbutsa za chipindacho. Ubwino wina sitima ya Gautrain ili pafupi, kuchoka pa Park imaima pa Rosebank kenako Sandton, simulimbana ndi mzere wa magalimoto pa M1. Kungoti mu sitimamo saloleza kudya, ndiye magwinya anu mumalizire panja musanadutse pageti.