Miyezi naini ndi gemu ya zombo zamatanga ija, aise usatumize kaye ndalama

Dzana mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku sekondale anandilembera pa WhatsApp kuti "aise, gemu yako ya zombo ija ukuseweerabe? ndikufuna nditumize ndalama kwa msuweni wako wa ku Joni uja andigulireko." Ndinangomuyankha kuti dikira kaye. Usiku womwewo ndinatsegula Steam, sitolo ya pa intaneti yomwe timagulira ndi kusewerera magemu, kuti ndione maola omwe ndathera pamenepo, ndikupeza 640, kenako ndinalowa mmamesegi a pafoni kuwerengetsa mabandulo omwe ndagula kuyambira Febuluwale, ndinasiyira pakati chifukwa madam anali pafupi ndipo nkhope yanga imandiulula. Ndiye ndati bola ndilembe zonse pamodzi, iyeyo awerenge, ena amene munandifunsapo muwerengenso.

Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba nditangoigula, ndi gemu ya pakompyuta yosewera ndi anthu ena pa intaneti, umakhala kaputeni wa chombo chankhondo chamatanga pa nyanja ya Caribbean, nthawi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa 1800. Umasankha mbendera, Britain, France, Spain, United States kapena kukhala wachifwamba wapanyanja, umayamba ndi kachombo kamlongoti umodzi nkumakwera pang'onopang'ono. Ili pa zomwe amati early access, ndiye kuti akugulitsa nyumba isanafoleredwe, iwe walowamo ndi katundu wako amisiri akadali padenga kukhoma. Paja nthawi imeneyo ndinaiyamikira ngati ndalipidwa. Lero ndilankhula ngati munthu amene mvula yamudonthera pabedi.

Zabwino zilipo ndipo sindizibisa. Madzi amaoneka ngati madzi enieni, mizinga ikalira pamahedifoni mpaka umagwedezeka, laputopu yanga yokalambayi imakwanitsa ndikatsitsa ma settings. Kusewera pakokha sikudya data yambiri, chimene chimadya ndi ma apudeti. Nthawi nayonso ili bho kwa ife, seva ili ku Ulaya ndipo mawotchi athu ndi a ku Germany amafanana kapena kusiyana ola limodzi lokha malinga ndi nyengo, ndiye nkhondo zikuluzikulu zolanda madoko zimachitika madzulo munthu wabwerako kuntchito.

Koma chimene chinandigwira kwenikweni ndi mphepo. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndikudziwa mmene asodzi amayang'anira kumwera mwezi wa Juni ndi Julaye akamati mwera wayamba lero sitilowa, ndipo sindinaganizeko kuti gemu ingandikumbutse zimenezo. Muno mphepo ndi bwana. Chombo chachikulu cha matanga opingasa sichingaloze kumene mphepo ikuchokera, chimayenera kupatuka madigiri oposa 60, ndiye ukafuna kupita kumeneko umayenda mokhotakhota ngati woledzera. Potembenuka ukalakwitsa kupinda matanga a mlongoti wakutsogolo ndi wakumbuyo, chombo chimangoima njii mphuno ili kumphepo, mwinanso kuyamba kubwerera chafutambuyo, mdani akukuzungulira momasuka. Ndinatha mwezi wathunthu ndikuchita manyazi amenewa. Tsiku lomwe ndinatembenuka bwino koyamba nkudutsa kumbuyo kwa chombo cha munthu wina, nkuthira mizinga yonse ya mbali imodzi kudzera mmawindo akumbuyo aja kuti zipolopolo ziyende utali wonse wa chombo, ndinakuwa mpaka mwana anadzuka. Zipolopolo nazonso nzamitundu, chozungulira choboola matabwa, cha tcheni chong'amba matanga ndi zingwe kuti munthu asathawe, ndi tizing'onoting'ono tambirimbiri tomwaza amalinyero usanakwere chombo chawo. Palinso ma carronade, mizinga yaifupi yonenepa ija inayamba kupangidwa ku Carron ku Scotland m'ma 1770, yoopsa pafupi koma patali ndi chidole.

Gemuyi inandipangitsanso kuwerenga mbiri, chinthu chomwe aphunzitsi anga analephera. HMS Victory yomwe aliyense amailakalaka muno ndi chombo chenicheni, chinalowa mmadzi mu 1765, mizinga 104, ndi chomwe Nelson, mkulu wa zombo zankhondo za Britain, anafera pa nkhondo ya Trafalgar pa 21 Okutobala 1805 ndipo mpaka lero chili ku Portsmouth. Santísima Trinidad ya Spain anaipangira ku Havana mu 1769, inagwidwa pa Trafalgar pomwepo nkumira patangopita masiku ochepa. USS Constitution ya ku America ya 1797 ija ankati zipolopolo zimangodumpha pamatabwa ake, nchifukwa cha mtengo wolimba wa live oak, ndipo mugemu mtengo womwe wapangira chombo umasinthadi liwiro ndi kulimba kwake. Apa ndi pomwe panayambira tsoka langa.

Mugemu imeneyi chombo chikamira chapita, sichibwereranso. Ndipo chombo chabwino sumangochitola, umayenera kusonkhanitsa matabwa, chitsulo, zingwe, kunyamula katundu kuchoka doko lina kupita lina ulendo wa mphindi 40 zenizeni ukungoyang'ana madzi, uku ukuopa achifwamba. Ine ndinatha masabata atatu ndikupanga frigate yanga yoyamba, chombo chankhondo chapakatikati chothamanga, ya mizinga 38, matabwa osankha, mizinga yaitali pansi ma carronade pamwamba. Ndinkadzuka 5 koloko kukayendetsa kaye katundu ndisanapite kuntchito, tangoganizani bambo wa ana awiri. Itatha ndinaijambula nkuika pa status, anthu nkumandifunsa ngati ndagula boti ku Mangochi.

Loweruka lachiwiri ndili nayo, cha m'ma 8 koloko usiku, ndinakumana ndi munthu wa mbendera ya France pafupi ndi Jamaica, nayenso pa frigate. Nkhondo yokoma yomwe sindinamenyepo chiyambire. Ndinamutsekereza kumphepo, ndinamung'ambira matanga ndi zipolopolo za tcheni, mlongoti wake umodzi unagwa, patatha mphindi ngati 50 iye akuvutika kupopa madzi ine ndikukonzekera kumudutsa kumbuyo kachiwiri kuti ndimalize nkhani, manja ali thukuta lokhalokha pa mausi, basi magetsi thi. Mdima bii. Batire ya laputopu yanga inafa kalekale, imangogwira ntchito ili pa chaja, ndiye sikirini inazimira limodzi ndi babu. Ndinakhala mumdimamo kukamwa kuli yasa, madam nkumafunsa kuchokera kuchipinda kuti "mwaona machesi?" Ndinathamanga kwa neba amene ali ndi sola, laputopu kukhwapa, ndavala kabudula ndi patapata, kukagogoda ngati kwagwa matenda, mkuluyo anandilandira ndithu koma ndinaona mmaso mwake kuti akundimvera chisoni cha mtundu wina. Mmene ndimayatsa, kulumikiza hotspot ya foni, kulowa Steam, kulowa mugemu, panali patadutsa mphindi pafupifupi 20. Ndinadzipeza ndili padoko, chimanjamanja. Chombo chija chinangopitirira kuyenda chokha mopanda mwini, Mfalansa uja anakonza matanga ake mosafulumira, kubwera, kukwera, kutenga. Ananditumiziranso kameseji kaulemu kondithokoza chifukwa cha nkhondo yabwino, kameneko ndi komwe kanandipweteka koposa.

Ndinalembera eni gemu. Ndinafotokoza zonse, mpaka kuwauza mmene magetsi amachitira kwathu kuno ngati kuti awamvera chisoni. Anayankha patatha masiku anayi, mizere iwiri, kuti chombo chotayika chifukwa cha vuto la kumbali ya wosewera sabweza. Ndinapsa mtima sabata yonse koma pansi pamtima ndinadziwa kuti sakunama, akanati azibweza bwenzi aliyense amene akugonja akumangozula waya. Ndiye pamenepo ndinawakhululukira, ndinakagula batire ina ya laputopu ya kaunjika, ndalama inanso imeneyo, ndipo ndinayambiranso.

Chomwe sindinawakhululukire ndi cha mu Ogasiti. Anangolengeza kuti asintha kayendetsedwe ka chuma cha mugemu ndiye afufuta zonse, zombo, ndalama, nyumba zosungira katundu, kungotisiyira maudindo basi. Ndinali nditapanganso zombo zitatu. Ukadandaula amakuuza kuti paja munavomera pogula kuti gemu sinathe ndipo zinthu zitha kusintha, ndipo nzoona zinalembedwa, ine ndi amene ndinadina osawerenga ngati mmene tonse timachitira. Koma pali kusintha ndi kusintha. Mwezi uno mizinga yaitali ndiye dhilu, mwezi wamawa aifooketsa, zomwe unaphunzira ndi thukuta zasanduka zopanda ntchito, ndipo sumadziwa kuti akumvera ndani chifukwa pa Discord, pomwe osewera timachezera pa intaneti, amene amakuwa kwambiri ndi magulu akuluakulu omwe ali ndi madoko kale. Zomwe analonjeza ndikugula, monga maphunziro abwino a ongoyamba kumene, mpaka lero akuti zikubwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ine ndinagula wapachala.

Ndiye chondinyansa, sabata yomweyo yofufutayo anatulutsa zombo zogula ndi ndalama zenizeni, ndipo chombo chogulacho chikamira mawa lake umakatenga china chatsopano ulele. Ndiye kuti lamulo lija loti chomira chapita ndi la ife osauka okha. Munthu wa chombo chogula amamenya mosaopa, amakugunda dala, iwe uli njenjenje ndi chako cha masabata atatu. Gemu sinathe koma sitolo yake inatha bwinobwino, ilibe vuto ngakhale limodzi.

Ndinasiya masabata awiri. Chinandibweza ndi mdala wina wa ku Poland wa mgulu lathu, wopuma pantchito, Chingelezi chake chothyokathyoka ngati changa chomwe. Anaona kuti sindikuoneka, anandifunsa pa Discord, nditamuuza anangoti bwera padoko lakuti. Ndikufika wandikonzera frigate yonse ndi mizinga yomwe, osafuna kanthu, akuti nayenso wina anamuchitira chimodzimodzi. Usiku womwewo tinatuluka zombo zisanu ndi chimodzi pamzere, iye akutiuza potembenukira, ndipo ndinakumbukira chifukwa chomwe ndinaikondera gemuyi. Anthu ake ndi ochepa, masana seva imakhala zii moti utha kuyenda ola lathunthu osaona thanga la munthu, ndipo ena mwa ochepawo ntchito yawo ndi kudikirira ongoyamba kumene panja pa doko kuti awamize, koma ukapeza gulu labwino umadziwana nawo ngati anthu a mudzi umodzi. Pano akudziwa kuti chombo changa chikangoyamba kuyenda chokha ndiye kuti kwathu kwazima, amachitchinga mpaka ndibwere. Kawiri konse andipulumutsa choncho.

Ping yanga, kuchedwa kwa intaneti pakati pa ine ndi seva, imakhala cha m'ma 200 kapena kuposa, pa magemu owomberana ndi mfuti imeneyo ndi imfa koma pano zombo nzochedwa ndiye sizivuta kwenikweni, kupatula pokwera chombo cha mdani pomwe umayenera kusankha zochita masekondi omaliza, pamenepo ndimaluza kawirikawiri ndisanadziwe chomwe chachitika.

Tsono aise, funso lako loti ugule kapena ayi, yankho langa limatengera tsiku lomwe wandifunsa. Ukandipeza Lamlungu mmawa titapambana usiku ndikuuza kuti palibenso gemu ina yonga iyi. Ukandipeza tsiku la apudeti, bandulo ya mwezi yatha masiku awiri, ndikuuza kuti ukagule nkhuku uziweta. Mtengo womwe ukuona pa Steam ndi polowera chabe. Uwonjezere data, uwonjezere batire kapena ka UPS kosunga moto magetsi akazima, uwonjezere kuti ndalama yakunja ndi yovuta kupeza ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha madola chimaluma, msuweni wanganso pano amafuna kangachepe kapamwamba akamagwiritsa ntchito khadi lake. Usadalirenso zoti ukapanda kuikonda ubweza, lamulo la Steam ndi loti ubweze pasanathe masiku 14 komanso usanasewere maola awiri, ndipo pa gemu iyi maola awiri amatha usanadziwe nkomwe kutsogolo kwa chombo ndi kuti.

Ine ndalama yogulira gemuyo sindiidandaula, maola 640 ndaibweza kale. Koma eni akewo sindiwapatsanso tambala mpaka atanena poyera kuti kufufuta kwatha, ndipo chombo chogula chija ndachiika mungolo ya Steam katatu nkuchichotsa katatu, kachitatuko ndinafika mpaka polembera msuweni kenako nkufufuta meseji asanaiwerenge. Akuti gemu ikadzatha kupangidwa adzafufutanso komaliza, tsiku sakunena.

Ndiye usatumize kaye ndalamazo. Bwera Loweruka madzulo udzasewere pa laputopu yanga ndi kachombo kakang'ono kaja kaulele, osati frigate ya mdala wa ku Poland, imeneyo suikhudza. Ubwere ndi bandulo yako, ndipo uyambe waona ndandanda ya magetsi ya dera lathu usananyamuke.