Kashopu ka ku Kapata komwe ndinapezera makolo a mdzukulu wanga a ku El Salvador

Mwana wanga wamkazi ndi nesi ku America, ndipo anakwatiwa ndi mnyamata amene makolo ake anathawa nkhondo ku El Salvador, ija inayamba mu 1980 n'kudzatha mu 1992. Chaka chatha anatipatsa mdzukulu. Mbali yathu ine ndimatha kumuwerengera makolo mpaka agogo a agogo anga ku Katete popanda kutsegula buku. Koma nditafunsa mkamwini za kwawo, anangotchula agogo ake awiri basi. Zinandikhala pamtima, chifukwa mwanayu adzafunsa ndithu akadzakula.

Kashopu kamene kanandithandiza kali kuseri kwa msika wa Kapata ku Chipata, kaja kojambula mapepala ndi kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Muli makompyuta atatu, ndipo intaneti ndi K15 pa ola. Amene amakhalamo ndi mtsikana wina wofatsa, ndipo ndi iye wandichititsa kulemba izi.

Tsiku loyamba ndinapita ndi dzina la banja lokha. Analilemba pa kompyuta, n'kutuluka anthu osawerengeka. Anandiyang'ana nati, "Amama, dzina lokhali silitifikitsa kulikonse. Kafunseni asewele anu tauni imene anabadwira, tchalitchi chimene anabatizidwira, ndi mayina onse awiri a amayi awo." Sanandilipiritse tsiku limenelo. Usiku womwewo tinaimba pa WhatsApp, mkamwini akumasulira Chisipanishi, ndipo asewele, mayi ake a mkamwiniyo, anatchula katauni kena m'dera la Chalatenango, kumpoto, kumalire ndi Honduras. Dzikolo lili ndi madera 14, ndipo mabuku amasungidwa tauni ndi tauni, parishi ndi parishi. Wosadziwa tauni angofufuza mpaka ndalama zitamuthera.

Loweruka lotsatira mtsikanayo ananditsegulira akaunti pa FamilySearch, webusaiti yofufuzira mbiri ya makolo. Ndi yaulere, ya mpingo uja wa Latter-day Saints wa ku Salt Lake City, umene kwa zaka zambiri wakhala ukujambula mabuku akale m'mayiko osiyanasiyana. A ku El Salvador ali mitundu iwiri. Ena ndi a boma, olembedwa ku ofesi ya tauni imene iwo amati alcaldía. Ena ndi a maparishi a Katolika, ndipo amenewa ndiwo amabwerera m'mbuyo kwambiri, ena mpaka nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa Spain, lisanadziimire palokha mu 1821. Mtsikanayo Chisipanishi sachidziwa, koma anandilembera mawu anayi m'kope langa: nacimiento kubadwa, bautismo ubatizo, matrimonio ukwati, defunción imfa. Mawu anayi amenewa ndiwo anatiyendetsa.

Mabuku a tauni imene tinkafuna sanali oti n'kungolemba dzina munthu n'kutuluka. Tinkatembenuza tsamba ndi tsamba, iye akukulitsa chithunzi, ine ndikutsatira ndi chala pagalasi. Loweruka lachitatu, cha m'ma 11 koloko, tinafika pa tsamba la 1908. Inki yofiirira, zilembo za wansembe zopendekera kumanja, pakona pali banga ngati la madzi. Dzina la khanda linali m'mphepete: agogo awo a asewele anga. Pansi pake hija legítima de, ndiye kuti mwana wamkazi wobadwira m'ukwati wa uje ndi uje, kenako dzina la mayi amene anamuimira pa ubatizo. Ndinavula magalasi n'kukhala kaye chete. Mtsikanayo sanandifulumizitse.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi katchulidwe ka mayina. Kumeneko munthu amatenga mayina a banja awiri, loyamba la bambo, lachiwiri la mayi. Bambo akakhala Hernández mayi Flores, mwana ndi Hernández Flores. Mkazi akakwatiwa dzina lake silitayika. Kwa ine Mchewa, amene ndinakulira kwa amalume ndipo ndimadziwa kuti mwana ndi wa kuchikazi, zimenezi zinandikhala ngati zakwathu. M'mapepala athu ambiri dzina la mayi limamira, koma m'buku lija mayi aliyense ankatilozera kwa mayi wake.

Zodandaulitsa zilipo. Malaiti akapita, shopu yonse imaima, palibe sola ngakhale jenereta, ndipo tsiku lina mwini wake anandilipiritsa ola lathunthu titangogwira mphindi makumi awiri. Makina awo osindikizira amatulutsa zotuwa, moti tsamba la 1908 ndinakalisindikiza kwina m'tauni kuti zilembo zioneke. Masana kumadzaza ana a sukulu, phokoso lake simungawerenge zolemba za wansembe. Pitani m'mawa akangotsegula, ndipo mutenge kope ndi kafulashi kanu kosungiramo zithunzi.

Mbali ya bambo ake a mkamwini inatikanika. Tinangofika pa agogo, n'kuthera pomwepo. Dziko limenelo lataya mapepala ambiri: mu 1889 moto unapsereza nyumba yaikulu ya boma yotchedwa Palacio Nacional ku San Salvador, likulu la dzikolo, pamodzi ndi zolemba za boma zimene zinali mmenemo, ndipo pa nkhondo ija maofesi ena a matauni anatenthedwa. Apa mtsikanayo akanatha kumangondigulitsa maola. M'malo mwake anati, "Amama, pano tiime, musawononge ndalama. Achibale amene ali komweko akafunse ku parishi pamaso." Ndi chifukwa chake ndimamukhulupirira.

Chithunzi chija ndinatumizira asewele. Anayankha ndi mawu ojambula pafoni, akulira, akutchula dzina la agogo awo mobwerezabwereza. Ndagula kope lachikuto cholimba. Kumanzere ndikulemba a ku Katete, kumanja a ku Chalatenango. Loweruka likubwerali tikufuna tsamba la ukwati wa makolo a khanda lija, chifukwa mtsikanayo akuti a ukwati nthawi zambiri amatchula makolo a onse awiri.