Miyezi 9 ndi makina osindikiza mano a zirconia

Pamene makina osindikiza zinthu za 3D anafika pamalo athu opangira mano oikirira kuno ku Johannesburg m'mwezi wa Januwale, ndinawayamikira kwambiri kwa anzanga ochokera kumudzi amene timagwira ntchito yofanana. Tsopano patha miyezi 9, ndipo ndikuona kuti ndinafulumira kuyamikira makinawo ndisanaidziwe bwino ng'anjo imene imamaliza ntchito yawo.

Kusindikiza kwenikweniko sikunativutepo. Ufa wa zirconia, chinthu choyera ndi cholimba kwambiri chimene timapangira manowo, umabwera uli wosakanizidwa ndi utomoni ngati phala, ndipo kuwala kumaumitsa phalalo pang'onopang'ono, kagawo kopyapyala pamwamba pa kanzake, motsatira chithunzi cha pakompyuta. Njirayi inachokera ku luso limene Chuck Hull analandirira chiphaso cha umwini mu 1986 ku America. Imatulutsa timakona ndi timaenje timene makina athu akale osema sankatha kufikamo, komanso siitaya ufa wambiri monga mmene kusema kumatayira.

Koma dzino likachoka m'makinamo limakhala laliwisi, ngati mbiya imene agogo anga ankaiyanika pamthunzi masiku angapo asanaiyandikize kumoto. Choyamba utomoni uyenera kupsa n'kutuluka, moto ukukwera mwapang'onopang'ono mpaka madigiri pafupifupi 600, ndipo zimenezi zimadya masiku, osati maola. Mukafulumiza, mpweya wotsekeredwa m'kati umang'amba dzinolo. Kenako limawotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,500 kuti timibulu ta ufawo tigwirane, ndipo pamenepo limachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, pafupifupi mbali zonse. Ndanena kuti pafupifupi chifukwa kuchepa kwa m'litali sikufanana ndendende ndi kwa m'mimba mwake, ndipo zinanditengera miyezi itatu kuti ndipeze miyeso yoti dzino lizikhala bwino pachitsa chake.

Magetsi atathima m'dera lathu usiku wina ng'anjo ili pakati pa ntchito, m'mawa mwake tinapeza mano onse ali ndi ming'alu, ndipo tinawataya. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi nako kunalimbitsa phala moti silinkayala bwino mpaka titayamba kutenthetsa chipinda.

Mano amene apsa bwino ndi olimba ndithu. Zirconia yothiridwa pang'ono ufa wina wotchedwa yttria ili ndi khalidwe limene wasayansi Ron Garvie ndi anzake anafotokoza ku Australia mu 1975, lakuti mng'alu ukayamba, timibulu tozungulira nsonga yake timasintha mpangidwe n'kufufuma, potero timaupanikiza kuti usapitirire. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mchenga wa zircon, umene amapangira zirconia, umakumbidwa ku Richards Bay konkuno ku South Africa, koma phala lathu timaliitanitsa kunja pamtengo wokwera, ndipo likakhalitsa m'botolo ufa umadikha pansi.

Panopa mano wamba a tsiku ndi tsiku tabwerera kuwasema, ndipo makina osindikiza timawayatsa pa ntchito zovuta mapangidwe zokha, makamaka Lolemba, kuti ng'anjo imalize sabata isanathe ine ndili pafupi.