Thompson 1927A-1 ya Auto-Ordnance: zimene zimaoneka ikagwira ntchito miyezi yambiri

Mfuti iyi imakopa ndi maonekedwe, ndipo pamenepo palibe chodandaula ngakhale patapita miyezi. Thabwa lake la walnut limanka likongola likamapakidwa mafuta, mizere yozungulira mpaipi siifufutika, ndipo chitsulo chake ndi chochindikala moti mudzatopa ndinu, osati icho. Zovuta zimene zimatuluka pambuyo pake, zambiri gwero lake ndi limodzi: mfutiyi inasinthidwa m'kati kuti igwirizane ndi malamulo a ku America, pomwe kunja inasiyidwa ngati ya kale.

Kampani ya Auto-Ordnance anaiyambitsa ndi John T. Thompson mu 1916, ndipo mfuti 15,000 zoyamba za mtundu wa 1921 zinapangidwa ndi kampani ya Colt. Zimenezo zinkalavula zipolopolo mosalekeza munthu akangogwira trigger, kachitsulo kokoka ndi chala poombera. Ya masiku ano, yomwe ili m'manja mwa kampani ya Kahr Arms kuyambira 1999, imatulutsa chipolopolo chimodzi pa kukoka kulikonse. Mpaipi wa yakale unali mainchesi 10.5; wa iyi ndi 16.5, chifukwa ku America mfuti yapaphewa ya mpaipi wosafika mainchesi 16 imagwa pansi pa lamulo la National Firearms Act la 1934. Choncho kutsogolo kumalemera. Yachitsulo imafika pafupifupi makilogalamu 6 musanalowetse magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), ndipo mukaimirira nayo mphindi zochepa dzanja lamanzere limayamba kunjenjemera. Ilipo ina ya aluminiyamu yopepukirapo, koma kwa wosonkhanitsa mfuti zakale, yachitsulo ndiyo yoyenera.

Chokhumudwitsa choyamba ndi kukoka bolt, chitsulo cha m'kati chimene chimakankhira chipolopolo mumpaipi. Yakale inkaombera bolt ali kumbuyo. Iyi imaombera bolt atatseka, ndipo m'kati muli masipuling'i olimba kwambiri. Kachogwirira kake ndi kakang'ono, kali pamwamba, ndipo kamaluma chala. Zipolopolo zikadutsa mazana angapo kamafewerapo pang'ono, koma musayembekezere kuti kadzafika pokokedwa ndi zala ziwiri. Njira yake ndi kutsamiritsa thako la mfuti pantchafu, mpaipi utaloza kumalo otetezeka, chala chili kutali ndi trigger, n'kukoka ndi chikhatho chonse. Ena amagula masipuling'i ofewa. Amathandizadi, koma dziwani kuti mfutiyi ilibe chokhoma bolt: chimene chimagwira mphamvu ya wonga ndi kulemera kwa bolt ndi masipuling'iwo. Mukawafewetsa popanda kuika chotchinga choyenera kumbuyo, bolt amamenya khoma la receiver (thupi la mfuti momwe bolt amayendamo) nthawi zonse, ndipo pa ya aluminiyamu zimenezo sizabwino.

Nkhani ya magazini ndiyo imasokoneza anthu ambiri, mpaka kuida mfuti yosalakwa. Receiver ya 1927A-1 ndi yofupikirapo msinkhu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a inchi poyerekeza ndi yankhondo. Anachita dala kuti zipangizo za yakale zisalowemo. Zotsatira zake, magazini akale a asilikali, a zipolopolo 20 kapena 30, okhala ndi bowo lozungulira kumbuyo, sakoleka bwino. Opangidwira mfuti iyi bowo lawo ndi lotalikirapo ngati dzira. Pali chizolowezi chopala bowo la magazini akale ndi tupa, ndipo ine sindigwirizana nacho: magazini a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse sapangidwanso, ndipo mukapala mopitirira magazini amakhala pansi kwambiri, chipolopolo n'kumagunda m'munsi mwa khomo la mpaipi m'malo molowa. Gulani opangidwira iyoyo. Mfuti ikayamba kutsamwa, musanamasule chilichonse, lembani manambala pa magazini anu ndipo muone ngati amene akuvuta ndi mmodzi yemweyo. Kawirikawiri mupeza kuti milomo yake yatseguka.

Drum, magazini yozungulira ya zipolopolo 50, ndiyo anthu amaigulira mfutiyi, koma ndi imene imakhalitsa m'kabati. Imalowa cham'mbali, m'timipata ta pa receiver, ndipo bolt ayenera kukhala kumbuyo. Magazini wamba akatha amagwira bolt yekha. Drum siitero, n'chifukwa chake pali kachitsulo kotchedwa third hand kolowetsa pamalo a magazini kuti kagwire bolt. Kasungeni bwino, popeza kakatayika kuchotsa drum kumafuna anthu awiri. Mukaika zipolopolo, mumapota kiyi wake mpaka alire ka 9 kufika ka 11. Mukaperewera, zomalizira sizikwera. Mukapitiriza, mumatopetsa sipuling'i. Musaisunge ili yopota. Amene akufuna drum asagule Thompson ya mtundu wa M1, wa chogwirira cham'mbali, chifukwa ulibe timipata timeneto.

Zipolopolo zake ndi .45 ACP, ndipo zimene imadya mosavuta ndi za 230 grain (muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo) zamutu wozungulira, zokutidwa, zazigoba za brass. Zamutu wabowo zimakodwa pakhomo nthawi zina. Zazigoba zachitsulo n'zotsika mtengo, koma zimafooketsa extractor, kachitsulo kopyapyala kokoka chigoba, komwe ndi kamodzi mwa tizipangizo toyamba kutha. Chizindikiro chake ndi chigoba chotsalira mumpaipi, chipolopolo china chitapanikizika kumbuyo kwake. Khalani ndi extractor wina, firing pin (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiombe) ndi masipuling'i apadera.

Kugwedera kwa zomangira kumabwera mwakachetechete. Choyang'anira chandamale chakumbuyo pa mfuti zambiri zatsopanozi n'chomangidwa ndi tizomangira ting'onoting'ono, ndipo kumenya kwa bolt wolemerayo kumatimasula. Mukaona zipolopolo zayamba kusokera kumbali popanda chifukwa, gwedezani choyang'aniracho ndi chala. Masulani, pukutani mafuta onse, donthezani kamodzi Loctite (guluu wogwira zomangira) wabuluu, mangani, musiye tsiku lathunthu. Wofiira ayi, amafuna moto pomasula. Onaninso zomangira za thako ndi za chogwirira chakutsogolo.

Potsuka, chotsani magazini, onani ndi maso kuti mumpaipi mulibe kanthu, bwezani bolt kutsogolo, dinani kabatani ka kumbuyo kunsi kwa receiver n'kukokera chimango cha trigger m'mbuyo. Valani magalasi, masipuling'i aja amadumpha. Mwaye umadzadza kumaso kwa bolt ndi pansi pa extractor. Mfutiyi imafuna mafuta okwanira m'njira za bolt. Ikauma imachita ulesi ndi kutsamwa. Pakati pa mizere ya mpaipi ndi pamene dzimbiri limayambira, choncho pitanipo ndi kansalu ka mafuta.

Pa kulasa, kulemera kuja kumabweza ngongole: mfuti siikankha phewa, ndipo pa mamita 25 mpaka 50 zipolopolo zimaunjikana bwino pachandamale. Trigger ndi wolimba ndiponso wautali, thako ndi lalitali ndi lotsika moti tsaya silikhazikika, choncho wofuna mfuti ya mpikisano ayang'ane kwina. Wofuna kumva m'manja mwake mmene Thompson inalili, wokonzeka kusankha magazini mosamala ndi kuyendera zomangira akabwera koombera, sadzanong'oneza bondo.