Chingwe chotenthetsa mapaipi a chitsime ndi pulagi ya Thermo Cube: n'zabwino, koma zimateteza pomwe zafika pokha

Kumayiko kumene chisanu chimaumitsa nthaka gwa, monga ku Canada ndi kumpoto kwa United States, nyumba zambiri zakumidzi zimadalira chitsime chawochawo chokhala ndi pampu yamagetsi ndi thanki ya presha, yomwe ili ndi mpweya wopanikizika umene umakankha madzi kupita kumipopi. Pano tikuwunika zida ziwiri zomwe eni zitsime amathamangira nyengo yozizira ikamayandikira: chingwe chotenthetsa mapaipi chomwe chimasintha chokha kutentha kwake, chimene pa paketi amachilemba kuti self-regulating, ndi pulagi ya Thermo Cube TC-3, yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi yokha malinga ndi kuzizira kwa mpweya, imene ambiri amalumikizirako chingwecho. Zonse ziwiri n'zoyenera kugula. Chovuta n'chakuti anthu amaziika pamalo olakwika, kenako n'kumaziimba mlandu madzi akasiya kutuluka.

Chitsime chenichenicho sichiundana. Madzi a pansi kwambiri sazizira ngati mpweya wa kunja, choncho pampu yomira m'chitsime imakhala pabwino chaka chonse. Paipi yopita kunyumba nayonso imakhala yotetezeka ngati idatulukira m'mbali mwa chitsime kudzera pa cholumikizira chokwiririka chotchedwa pitless adapter, kunsi kwa malire omwe nthaka imauma. Malirewo amasiyana malo ndi malo. Kumpoto kwa Minnesota malamulo omangira nyumba amawawerengera pa mita 1.5. Ngozi ili pomwe paipi yatuluka m'nthaka, kaya m'kanyumba ka pampu kapena kunsi kwa nyumba, ndiponso pa tizitsulo tonse tozungulira thanki. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, ndipo nthawi zambiri paipi siphulikira pomwe pali madzi oundanawo. Imaphulikira patsogolo, pomwe madzi apanikizika pakati pa chotsekacho ndi mpopi wotseka.

Choyamba kuundana si thanki, ngakhale ndiyo anthu amaifunditsa mabulangete. Ndi kapaipi kakang'ono ka kota inchi komwe kamanyamula swichi ya presha, yomwe imayatsa pampu presha ikatsika n'kuizimitsa ikakwera. Madzi ake ndi ochepa, sayenda, ndipo n'kachitsulo. Kakaundana presha ili pamwamba, swichi imangomva presha yomwe yatsekeredwa m'kapaipimo n'kumaona ngati thanki ndi yodzaza. Pampu siyaka, madzi a m'thanki amatha, ndipo mwini nyumba amayamba kufunsa za pampu yatsopano pomwe yakaleyo ilibe vuto. Kakaundana presha ili pansi, zinthu zimaipa kuposa apo, chifukwa swichi siilandiranso uthenga woti izimitse pampu. Presha imadutsa 60 psi (psi ndi muyeso wa presha), pomwe swichi zambiri zimazimitsira pampu, n'kumapitirira, ndipo chokhacho chomwe chingapulumutse thanki ndi valavu yotulutsa presha ikachuluka, yomwe kawirikawiri imatseguka pa 75 psi. Ngati valavuyi palibe pa thanki yanu, gulani imeneyo musanagule chingwe.

Tsopano chingwecho. Mkati mwake muli mawaya awiri oyenda motsatizana, ndipo pakati pawo pali pulasitiki yosakaniza ndi kaboni. Pakazizira, pulasitikiyo imalola magetsi ambiri kudutsa, chingwe n'kutentha. Pakafunda imafufuma pang'ono n'kuchepetsa magetsi. Zimenezi zimachitika pachigawo chilichonse pachokha, kotero mbali yomwe ili pakhomo polowera mphepo imatentha kuposa yomwe ili pafupi ndi thanki. Zingwe zapakhomo zambiri zimatulutsa mawati 10 mpaka 16 pa mita, ndiye kuti chingwe cha mamita 6 chimadya pafupifupi mawati 100 kapena kuchepera.

Ubwino wake waukulu umaonekera pa malo opanikiza. Chingwe cha mtundu wakale, chomwe chimatentha mofanana nthawi zonse, sichiloledwa kudutsana chokhachokha, chifukwa pomwe chadutsanapo pamatentha mpaka kusungunula chikopa chake, ndipo moto umayambira pamenepo. Chatsopanochi chikadutsana chimangodzichepetsera kutentha. Pa thanki ya chitsime, pomwe geji, swichi, mavalavu ndi kampopi kokhuthulira madzi zonse zili pa chitsulo chimodzi chachifupi, kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti tisankhe chatsopanocho ngakhale chili chodula.

Kaikidwe kake sikovuta, koma kamafuna kudekha. Pukutani paipi iume, ndipo konzani kaye paliponse pomwe pakudontha. Yendetsani chingwe mowongoka kunsi kwa paipi, chapambali pang'ono, chifukwa kutentha kumakwera ndipo kunsi ndiko kumayamba kuzizira. Chimangeni ndi tepi ya fiberglass pa masentimita 30 aliwonse. Waya kapena zomangira zachitsulo zimadula chikopa. Pa paipi ya pulasitiki matani tepi ya aluminiyamu pamwamba pa chingwe kuti kutentha kufalikire, poti pulasitiki imachedwa kulandira kutentha. Pa valavu iliyonse onjezerani masentimita 30 a chingwe, ndipo kapaipi ka swichi kaja mukazungulize kawiri kapena katatu, koma chingwe chisalowe m'bokosi la swichi momwe muli mawaya a magetsi. Mukamayeza utali woti mugule, yambirani mkati mwa nthaka, osati pamwamba pake. Kumbani mozungulira paipi kuti chingwe chitsike nayo, ngati paketi ikunena kuti chingathe kukwiriridwa kapena kukhala ponyowa. Mapaipi ambiri okhala ndi chingwe amaundanira pa chikhatho chimodzi chokha chomwe chidatsala pomwe paipi yatulukira m'dothi.

Pomaliza kutani zonse ndi thovu lokutira mapaipi lokhuthala mamilimita 13 kapena kuposerapo, ndipo matani pomwe lakumana kuti madzi asalowe. Chokutira chikanyowa chimasiya ntchito. Chingwe chopanda chokutira chimangotenthetsa mphepo, ndipo chokutira chopanda chingwe chimangochedwetsa kuundana, poti pachokha sichipanga kutentha. Soketi ikhale ya GFCI, yomwe imadula magetsi akayamba kuthawira pansi.

Zofooka zilipo, ndipo zina paketi imazinena motsitsa mawu. Chingwechi sichizima chokha. Chimachepetsa magetsi kukafunda, koma chimadyabe, ndipo chikasiyidwa choyaka chaka chonse chimakalamba msanga. Chikakalamba sichionetsa: kunja chimakhala bwinobwino pomwe kutentha kwake kwatsika. Chikayatsidwa chili chozizira kwambiri chimakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi, zomwe zingagwetse bureka ngati pamzere womwewo pali hita. Mitundu yomwe mumadula nokha utali wake imafuna kutseka kumapeto ndi kachivindikiro kake. Mukazembako n'kungomata tepi, chinyezi chimalowa ndipo GFCI imadula magetsi usiku womwe mumawafunitsitsa.

Pulagi ya Thermo Cube ndiyo imathetsa vuto loyambalo. Mtundu wa TC-3 umayatsa mpweya ukatsika kufika pa 35°F, pafupifupi 2°C, n'kuzimitsa ukakwera kufika pa 45°F, pafupifupi 7°C. Ndi ya magetsi a 120 V, imapirira mpaka 15 A, ndipo ilibe batani kapena choti muchune. Kuphweka kumeneku timakukonda. Koma imamva mpweya womwe uli pa soketi, osati kuzizira kwa paipi. Soketi ikakhala m'mwamba pakhoma, kapena pafupi ndi hita, pulagiyo imaona ngati kwafunda pomwe paipi pansi ikuundana. Iyenera kukhala mmunsi, mbali yozizira kwambiri ya kanyumbako. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni mufiriza kwa mphindi 20, ilowetseni pa soketi msanga, mulumikizeko nyale. Nyale ikayaka n'kuzima yokha pulagi ikafunda, ili bwino. Chitani zimenezi chaka chilichonse chisanu chisanayambe, ndipo mulumikize chingwe pa soketi mwachindunji kwa mphindi 10 kuti mumve ndi dzanja ngati chikufunda utali wake wonse.

Za thanki, musavutike kuizunguliza chingwe. Madzi ake ndi ambiri ndipo amasinthika nthawi zonse mpopi ukatsegulidwa. Chomwe imafuna ndi chipinda chosatsika pa 4°C. Tsekani ming'alu ya khoma ndi kunsi kwa chitseko, ikani zotchinga kuzizira m'makoma ndi kudenga, ndipo kahita kakang'ono kokhala ndi thermostat, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa kokha malinga ndi kutentha, kamakwanira. Chokutira chothina pa thanki yachitsulo chimasunga chinyezi nyengo yotentha n'kuyambitsa dzimbiri. Njira yakale yosiya babu la mawati 100 likuyaka inkathandiza chifukwa mababu akale ankataya pafupifupi magetsi onse ngati kutentha. Babu la LED silingagwire ntchitoyi, ndipo lakalelo likapsa pakati pa usiku palibe amene amadziwa. Nyale zotenthetsa za mawati 250 m'kanyumba kamatabwa kodzaza fumbi ndi zisa za mbewa, ife sitizivomereza. Kapaipi kopumira ka pa chivindikiro cha chitsime musakatseke pokutira, chitsime chimafunika kupuma madzi akamatsika ndi kukwera.

Magetsi akathima, chingwe, pulagi ndi hita zonse zimafera limodzi, ndipo mphepo yamkuntho yachisanu ndiyo imagwetsa mawaya. Akachedwa kubwera, kapena nyumba ikakhala yopanda anthu, khuthulani madzi. Zimitsani bureka ya pampu, tsegulani mipopi yonse kuyambira yam'mwamba, tsegulani kampopi ka pansi pa thanki mpaka geji ifike pa 0. Ngati pampu ndi ya jet, yokhala pamtunda, masulani kabawuti kokhuthulira kunsi kwake, chifukwa chitsulo chake chimang'ambika madzi akaundaniramo. Thanki ili yopanda madzi choncho, yezani mpweya wake ndi geji ya matayala: ukhale 2 psi kunsi kwa pomwe pampu imayakira, 38 pa swichi ya 40/60 (yoyatsa pampu pa 40 n'kuizimitsa pa 60) kapena 28 pa ya 30/50.

Zikaundana kale, choyamba n'kuzimitsa pampu, chifukwa mota ya pampu yomira imaziziritsidwa ndi madzi oyenda ndipo imapsa ikamakankha paipi yotsekeka. Swichi yokhala ndi kachogwirira kam'mbali, monga Square D ya M4, imazimitsa pampu yokha presha ikatsika ndi 10 psi kunsi kwa poyakira, ndipo ndi yabwino kukhala nayo. Tsegulani mpopi, sungunulani ndi chowumitsira tsitsi kuyambira pa kapaipi ka swichi. Lawi la moto ayi.

Amene paipi yawo idakwiriridwa mosazama ulendo wonse wochoka kuchitsime asataye ndalama pa chingwe chakunjachi, sichifika pomwe pali vuto. Iwo akufunika chingwe cholowa mkati mwa paipi chovomerezeka pa madzi akumwa, monga Retro-Line ya kampani ya Heat-Line, kapena kukumbanso ngalande yozama nthaka ikafewa.