Miyezi 9 ndikuphunzira Chingerezi ndi zidole za Sesame Street

Nditayamba kuonera Sesame Street, pulogalamu ya pa TV yophunzitsa ana, pa YouTube limodzi ndi kamwana ka zaka 3 komwe ndimalera kuno ku Johannesburg, amayi anzanga a kutchalitchi anandifunsa ngati munthu wamkulu angatolepo kanthu pa zidole za ana. Papita miyezi 9 tsopano, ndiye ndikhoza kuwayankha.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 kwathu ku Ntcheu. Chingerezi ndinkachimva patalipatali, koma abwana akandifunsa kanthu lilime limangouma. Chimene zidolezi zandichitira n'kumasula lilimelo. Zimabwereza mawu amodzi kambirimbiri, ndipo chinthucho umachiona ndi maso. Pali kachidole kabuluu, Grover, komwe kamathamangira pafupi ndi kamera n'kunena kuti "near", kenako n'kuthawira kutali n'kukuwa kuti "far", mpaka kutopa wefuwefu. Ine ndi mwanayu tinkachita zomwezo pakhonde la nyumba, iye kuthamanga, ine kutchula. Mawu awiri amenewo sadzandichokanso. Manambala, mitundu ya zinthu, ziwalo za thupi, mayina a zakudya, zonsezi zinalowera m'nyimbo. Ndimapezeka ndikuziimba potsuka mbale, osadziwa n'komwe kuti ndikuloweza.

Chinandithandiza kwambiri n'chakuti pamaso pa mwana palibe manyazi. Ukalakwitsa amangokukonza n'kupitiriza kusewera.

Koma anzanga, tcheru chikufunika. Pulogalamuyi inayamba mu 1969 ku America, ndipo anaikonzera ana omwe amamva kale Chingerezi pakhomo pawo. Elmo akamayankhula amadzitchula dzina m'malo monena "I", ndipo Cookie Monster amati "me" pomwe pafunika "I". Amachita dala, ndi khalidwe la zidolezo, ndipo mwana wa kumeneko amazindikira. Ine ndinatengera, moti kwa milungu ingapo ndinkayamba chiganizo ndi "me" mpaka mayi a mwanayu anandikonza mwaulemu. Chingerezi chake n'cha ku America: chilembo chomaliza amati "zee" pomwe ife tinaphunzira "zed", bisiketi amati "cookie".

Pa chifukwa chimenechi ndinawonjezapo Takalani Sesame, ya konkuno ku South Africa, yomwe inayamba mu 2000. Katchulidwe kake kamafanana ndi komwe ndimamva m'taxi ndi m'shopu, ndipo ndatolamo timawu ta Chizulu. Muli chidole chotchedwa Kami, chomwe chili ndi kachilombo ka HIV. Sindinayembekezere kuona nkhani imeneyi ikukambidwa mofatsa chonchi kwa ana, ndipo inandikhudza.

Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi mawu atsopano anayamba kuchepa. Zidole sizinandiphunzitse kufotokozera nesi kukiliniki pomwe pakundiwawa ndi momwe panayambira, kapena kukambirana za malipiro. Zimenezo ndikuphunzira pomvera wailesi ndi kufunsa anthu. Ngati Chingerezi mumachiyankhula kale, apa simupindulapo zambiri. Koma ngati muli momwe ndinalili, kumva pang'ono koma kuopa kutsegula pakamwa, yesani mphindi 20 patsiku, ndipo muzibwereza mokweza, osangoonera chamumtima. Makanema amadya bandulo, choncho ine ndimaonera pomwe pali wayifayi.

Mwana wanga wa zaka 5 ali ndi agogo ake ku Ntcheu. Lamlungu lililonse timaimbirana pa WhatsApp, ndipo ndimamuphunzitsa kanyimbo kamodzi. Sabata yatha tinawerenga limodzi mpaka 20, agogo ake akuwomba m'manja chapambali.